Amanga mwana wanu chifukwa cha voice note ya pa WhatsApp: zoti muchite sabata ino

Mayi, uthenga wanu ndawuona. Mwati mwana wanu wazaka 24 anamumanga Lachinayi masana chifukwa anatumiza voice note mu gulupu ya WhatsApp ya kudera kwanuko yonena kuti khansala wadya ndalama za mlatho za mu thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, foni anamulanda ndi kumuuza kuti apereke pasiwedi, lero ndi Lachiwiri sanapite naye ku khoti, ndipo wina wakunong'onezani kuti mupeze kangachepe kuti atuluke pa belo. Mwafunsanso ngati ndi a MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, amene anamvera foni yake, komanso ngati admin wa gulupu naye amangidwa.

Pepani ndi zimenezi, ndikudziwa simukugona. Koma poyamba penipeni dziwani kuti pofika lero amene akuphwanya lamulo moonekeratu ndi amene akumusunga. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu akamangidwa akaonekere ku khoti asanathe maola 48, ndipo maolawo akathera tsiku loti khoti silikugwira ntchito, apite naye tsiku loyamba limene khoti latsegula. Anamangidwa Lachinayi, maola 48 anathera Loweruka, nde tsiku lomaliza linali dzulo Lolemba. Apolisi akakuuzani kuti tikufufuzabe kapena galimoto ilibe mafuta, zimenezo lamulo silizivomereza ngati chifukwa, amayenera kupita naye ku khoti nkukapempha majisitireti kuti awapatse nthawi, majisitireti ndi amene amalola kapena kukana.

Nde mawa mmamawa mupite ku polisiko, musapite nokha, tengani munthu wamkulu wina woti adzakhale mboni ya zimene zayankhulidwa. Funsani mwaulemu kuti muonane ndi amene akufufuza mlanduwo ndipo akakuzungulitsani pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo. Mafunso anu akhale awa: mlandu wake ndi wotani ndipo ndi gawo liti la lamulo liti, apita liti ku khoti, ndipo belo ya polisi akukana chifukwa chani. Lembani mayankhowo pa pepala pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Za ndalama zija musapereke ngakhale 1 tambala. Belo ya ku polisi ndi yaulere, wopempha ndalama akupempha ziphuphu ndipo inu mukapereka nanunso mwalowa mu mlandu. Mutha kukanena ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, kapena ku Independent Complaints Commission yomwe imalandira madandaulo okhudza apolisi. Belo ya ku khoti ndi imene pena imakhala ndi ndalama, koma imeneyo amalamula ndi majisitireti pagulu, mumalipira ku ofesi ya khoti ndipo amakupatsani lisiti, musalitaye chifukwa ndalamazo zimabwezedwa mlandu ukatha ngati mwanayo sanajombe ku khoti. Konzekeretsanitu abale awiri okhala ndi chiphaso cha unzika, odziwika pokhala, oti akamuyimire.

Akapanda kumutulutsa kapena kupita naye ku khoti mawa, loya atha kukasuma ku High Court kuti alamule apolisi abwere naye kapena amutulutse. Ngati ndalama ya loya palibe pitani ku Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo ma paralegal, alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene amayendera zitokosi ndi ndende amathandiza kwambiri kukankha fayilo yoti yangogona.

Tsopano mlandu weniweniwo. Anthu ambiri angomva kuti kuli "cyber law" nde akuganiza kuti chilichonse choyipa chonenedwa pa foni chokhudza bwana ndi mlandu, ndipo zomvetsa chisoni ena ovala yunifolomu amaganizanso choncho. Lamulo lake ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo magawo amene amakonda kugwiritsa ntchito pa nkhani ngati iyi ndi 86 ndi 87. Gawo 86 ndi la kuzunza munthu pa intaneti, likunena za kumutumizira munthu zolaula kapena kumuopseza kuti umuvulaza iye kapena katundu wake, chilango chake chimafika K2 miliyoni ndi zaka 5. Gawo 87 likunena za munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza akusokoneza mtendere kapena chinsinsi cha mnzake popanda cholinga chenicheni cholumikizana naye, chilango chake K1 miliyoni ndi miyezi 12. Taonani mawu amenewo, mobwerezabwereza, komanso popanda cholinga chenicheni. Voice note imodzi yofunsa kuti ndalama za mlatho zinapita kuti, yotumizidwa kwa anthu amene amawoloka mtsinje womwewo, ine sindikuona kuti ikukwana bwanji mu gawo limeneli, ndipo boma ndi limene liyenera kutsimikizira khoti mbali iliyonse ya mlanduwo mopanda chikaiko, si udindo wa mwana wanu kudziyeretsa.

Koma ndikufunseni chinthu chimodzi ndipo mundiyankhe zoona: voice note ija mwaimvera yonse? Chifukwa ngati muli mawu oti tikuwotchera nyumba kapena tikakupeza tikuphwanya, nkhani yasintha, pamenepo gawo 86 likhoza kugwira ndipo loya wake ayenera kudziwiratu asanakaime pamaso pa majisitireti. Ngati muli kutukwana chabe atha kuyesa milandu ing'onoing'ono ya mu Penal Code, lamulo lalikulu la milandu ndi zilango zake, ngati ya kutukwana kapena kuchita zosokoneza mtendere. Pena amatulutsanso gawo 60 la Penal Code yomweyo, la kufalitsa nkhani yabodza yodzetsa mantha pakati pa anthu, lamulo lachikale lomwe atolankhani akhala akulira nalo, koma kunena kuti khansala wadya ndalama kumadzetsa mkwiyo osati mantha.

Chimene sangamuzenge nacho ndi mlandu wa kuyipitsa mbiri ya munthu. Mu July 2025 majaji atatu a High Court atakhala ngati khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anagamula pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkapangitsa kuyipitsa mbiri kukhala mlandu womangitsa, likutsutsana ndi ufulu wolankhula wa mu gawo 35 la malamulo oyendetsera dzikowo. A Mbele anazengedwa chifukwa cha zimene analemba pa intaneti zokhudza amene anali mkulu wa asilikali. Chigamulo chimenechi chisanabwere, mu 2022 aphungu anali atachotsa kale milandu ya kuukira boma ndi mawu chabe. Nde mukaona pa pepala la mlandu alemba gawo 200, loya auze khoti tsiku loyamba lomwelo. Izi sizikutanthauza kuti khansala alibe kolowera ayi, akaona kuti wanamiziridwa atha kusumira mwana wanu payekha kufuna chipukuta misozi, ndi loya wake ndi ndalama zake, ndipo kumeneko chitetezo chachikulu ndi kuonetsa kuti zonenedwazo ndi zoona kapena anali maganizo oyenera pa nkhani yokhudza anthu onse. Ndipo apa ndichenjeze aliyense owerenga, kunena kuti ine ndinangopanga forward sikukupulumutsa, wotumiza mawu a wina naye wafalitsa.

Za foni. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza munthu kuti asasechedwe, asalandidwe katundu, komanso mauthenga ake asalowereredwe, ndipo limatchula ndithu za makalata ndi njira zonse zolumikizirana, zomwe zikuphatikiza mafoni. Ufulu umenewu uli ndi malire, apolisi akamanga munthu amaloledwa kumusecha ndi kusunga zimene ali nazo mthumba, koma kusunga foni ndi kulowa mkati mwake kuwerenga macheza a zaka zitatu, zithunzi, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuti alowe mkati njira yoyenera ndi kukatenga chilolezo cha khoti, ndipo inu muli ndi ufulu wofunsa kuti chikalatacho tichione. Ngati anapereka kale pasiwedi chifukwa cha mantha, zachitika, musamukalipire, angofotokozera loya mmene zinakhalira, anamufunsa ndani, nthawi yanji, anamuopseza kapena ayi. Pemphani kuti foniyo ilembedwe mu buku la katundu wa omangidwa, mtundu wake ndi nambala ya IMEI yozindikiritsa foniyo, chifukwa mafoni osalembedwa ndi amene amasowa. Ndipo inuyo kapena azibale ake musayerekeze kulowa mu akaunti yake pa foni ina nkumafufuta zinthu, kumeneko ndi kuononga umboni ndipo mumuonjezera mlandu wina wolemera kuposa woyambawu.

Mukamuona muuzeni chinthu ichi, ndichofunika kuposa zonse ndalembazi: ali ndi ufulu wokhala chete ndipo asasaine sitetimenti imene sanaiwerenge kapena yolembedwa mu Chingerezi chimene sakuchimva bwino. Anene dzina lake ndi kumene amakhala, zinazo anene kuti ndiyankha loya wanga akabwera. Lamulo lathu la kazengedwe ka milandu limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu iwerengedwe mu khoti ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza, khoti limadzayeza pambuyo kuti liikhulupirire kapena ayi, nde kuichotsa ikalowa ndi ntchito yaikulu. Chimodzimodzi ku khoti, padzapezeka omuuza kuti ungovomera upereke chindapusa uzipita kwanu. Asavomere asanalankhule ndi loya. Mnyamata wazaka 24 akadali ndi ntchito zofunsira ndi ma visa opempha kutsogoloku, mbiri yoti anapezeka wolakwa imamutsata.

Funso la MACRA lija. MACRA simanga anthu, ntchito yake pansi pa Communications Act ya 2016 ndi kupereka ziphaso kwa makampani a mafoni, wailesi ndi intaneti ndi kuwayang'anira. Mantha anuwo ali ndi pochokera, sindikukutsutsani. Anthu akukumbukira makina a CIRMS aja ounikira ntchito za makampani a mafoni, amene ankatchedwa makina aukazitape, nkhani yake inakafika mpaka ku Supreme Court yomwe inalola MACRA kuwagwiritsa ntchito, kenako mu 2018 tonse tinakakamizidwa kulembetsa ma SIM card, ndipo kumayambiriro kwa 2025 kunabukanso mkangano pa makina ounikira nkhani zabodza pa masamba a mchezo amene MACRA inafuna kugula ku kampani ya ku Ghana chisankho chili pafupi. Koma pa nkhani ya mwana wanu yankho ndi lapafupi. Mauthenga a WhatsApp amayenda otsekedwa kuchoka pa foni kufika pa foni, a TNM kapena Airtel amaona kuti nambala iyi yagwiritsa ntchito data, amadziwa mwini nambala ndi dera limene foni inali, koma mawu a mu voice note sawamva. Amene anakaipereka kwa khansala ndi munthu wa mu gulupu momwemo. Musayambe kumusaka kapena kumulalatira, ameneyo mwina ndi mboni ya boma ndipo kumuvutitsa kungapangitse kuti belo ikanidwe.

Ine maganizo anga, ndipo ndimawanena poyera, vuto la lamulo la 2016 ndi loti mawu ake ndi otambalala kwambiri moti munthu wamphamvu akakwiya amapeza gawo loti amangitsire mnzake, ndipo kawirikawiri milandu yotere simafika ndi pa chigamulo pomwe, munthu amagona mchitokosi masiku angapo, foni imapita, kenako fayilo imangozilala. Chilango chimakhala kumangidwako. Gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko limati ufulu ungachepetsedwe pokhapokha ngati malirewo ali olembedwa mu lamulo, ndi oyenera, akugwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu pa dziko lonse ndipo ndi ofunikadi mu dziko la demokalase, ndipo sindikhulupirira kuti kumanga mnyamata wofunsa za mlatho kungapambane mayeso amenewo. Lamulo loteteza anthu pa intaneti likufunika ndithu, atsikana akufalitsidwa zithunzi zawo, agogo akuberedwa ndalama pa foni ndi anthu onamizira kuti atumiza molakwika, kumeneko ndi kumene mphamvu za apolisi zikanapita. Chinanso chondidetsa nkhawa, Data Protection Act ya 2024 inapereka udindo woteteza zinsinsi zathu kwa MACRA yomweyo, bungwe lomwe akuluakulu ake amasankhidwa ndi boma, nde zinsinsi zako zikatuluka kudzera ku boma ukadandaula kwa ndani. A MISA Malawi, bungwe loyimira atolankhani, ndi mabungwe ena akhala akupempha kuti malamulowa aunikidwenso ndipo ndikugwirizana nawo.

Admin asathawe. Mlandu umatsata amene wachita chinthucho, kungokhala admin sikumupanga wolakwa pa mawu a munthu wina, pokhapokha ngati iye anatumizanso, analimbikitsa kapena anapangana naye. Akaitanidwa ku polisi apite ndi munthu, afunse ngati akuitanidwa ngati mboni kapena woganiziridwa, ndipo naye asafufute gulupu.

Mwina akuluakulu a kudera abwera ndi nkhani yoti mukapepese kwa khansala kuti achotse mlandu. Kukambirana sikolakwika ndipo makhoti amalola kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono, koma kalata yopepesa yolembedwa mosasamala imasanduka umboni wovomera, nde isalembedwe loya asanaione ndipo isakhale yoti mwana wanu akulumbira kuti sadzafunsanso za ndalamazo. Za mlathowo njira ilipo yoti palibe angamumangire: Access to Information Act, yomwe inayamba kugwira ntchito mu September 2020, imapatsa nzika iliyonse ufulu wolembera ku khonsolo kupempha mapepala a ntchitoyo, ndalama zinatuluka zingati, kontrakitala ndani, analipidwa liti, ndipo akakana kapena kungokhala chete mumakadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Mapepala omwewo ndi amene adzamuteteze khansala akadzasuma. Akatuluka adzakambiranenso ndi loya za kusumira boma chifukwa chomusunga kupitirira maola 48, nde sungani kapepala kalikonse.

Mawa mukabwerako mundilembere gawo limene alemba pa mlanduwo ndi mawu onse a mu voice note ija mmene alili, osachotsa otukwanawo.