Imelo ikutuluka koma sikulowa? Yambani mwafunsa MX

Funso: Ndine mlembi pa bungwe laling'ono kuno ku Zomba, cha ku Matawale. Mwezi watha mnyamata amene amatisamalira webusaiti anatisamutsira ku kampani ina ya hosting (yosunga webusaiti ndi imelo), akuti yotchipa. Chiyambireni, ife tikatumiza imelo imapita, koma za anthu akunja sizikutipeza. Otithandiza akuti zina zimawabwerera, zina zimangosowa. Chodabwitsa n'chakuti tikatumizirana tokhatokha mu ofesi zimafika. Tasintha pasiwedi, Outlook taichotsa n'kuiikanso, ndipo abwana akufuna kugula rauta ina. Vuto lili pati?

Yankho: Mayi, auzeni abwanawo ndalama ya rauta aisunge. Imelo ikamatuluka ndiye kuti intaneti ya mu ofesi ili bwino ndipo pasiwedi ndi yolondola, Outlook nayo munangoivutitsa. Vuto ili ndalionapo kambirimbiri, ndipo kawirikawiri limayamba sabata imene wina wagwira webusaiti. Mnyamata wanuyo wasamutsa webusaiti ndi mabokosi a makalata, koma MX, mzere wouza dziko kumene makalata anu akatulidwe, waisiya ikuloza kwakale.

Njira yotulukira ndi yolowera si imodzi. Inu mukatumiza, Outlook imapereka kalatayo ku seva yanu ndi pasiwedi, basi. Koma munthu wa ku London akamakulemberani, seva yake sikudziwani, ndipo palibe likulu limodzi padziko lapansi limene limagawa makalata onse. Seva ija imatenga mbali ya adiresi imene ili kumanja kwa @, yotchedwa domain, n'kufunsa DNS, buku la maadiresi a pa intaneti, kuti makalata a domain imeneyi akatulidwe kuti. Yankho lake ndiye MX. Dongosolo limeneli linayamba mu 1986 ndipo mpaka lero Gmail, Outlook, seva za boma za gov.mw, za masukulu za ac.mw, zonse zimapezana mwa njira yomweyi. Dzina lanu la kumanzere kwa @ amaliwerenga ndi seva yomaliza yokha. Ndiye MX ikaloza kolakwika, zili ngati mwasamuka ku Sadzi kupita ku Chikanda osauza munthu, alendo akungogogoda pa nyumba yakale.

Musanaimbire aliyense, chitani ichi. Chotsani laputopu pa Wi-Fi ya mu ofesi, ilumikizeni ku data ya pa foni. Izi ndikunenetsa, chifukwa tikufuna tione zimene anthu akunja akuona. Tsegulani cmd (Command Prompt ya mu Windows) mulembe:

nslookup -type=mx dzinalanu.mw 8.8.8.8

Pamene ndalemba dzinalanu.mw muikepo domain yanu, yopanda www, yopanda @. Nambala yakumapetoyo ndi DNS ya Google. Mukamaliza bwerezaninso ndi 1.1.1.1, ya Cloudflare, muone ngati mayankho akufanana. Ine sindigwira kompyuta ya munthu wodandaula za imelo ndisanalembe mzere umenewu. Sutha ndi miniti imodzi yomwe, ndipo sutha bandulo.

Mudzaona mzere wolembedwa MX preference, kenako nambala, kenako mail exchanger ndi dzina la seva. Dzina limenelo liwerengeni chilembo ndi chilembo. Ngati makalata anu ali ku Google Workspace, liyenera kukhala aspmx.l.google.com ndi anzake, kapena smtp.google.com. Ngati ali ku Microsoft 365, kawirikawiri limathera ndi mail.protection.outlook.com. Ngati ali ku hosting wamba, limakhala dzina la kampaniyo kapena mail.dzinalanu.mw. Kwa inu, ndikuyembekeza kuti muona dzina la kampani yakale. Ndipo zikatero nkhani yanu yonse yamveka: mabokosi amene akadali otsegula kwakaleko akulandira mwakachetechete, ndiwo makalata osowa aja, pamene amene anatsekedwa kapena adzaza akubweza. Choncho akaunti yakaleyo musaitseke, ndipo ngati nthawi yolipira yayandikira lipirani mwezi umodzi. Lowani pa webmail yakale (tsamba la kampaniyo lowerengerapo imelo) lero lomwe, makalata a otithandiza anu aja mukawapeza ali phee.

Likatuluka dzina loti mail.dzinalanu.mw, musafulumire kusangalala. Dzina limenelo ndi lanu ndithu, koma likuloza seva iti? Lembani nslookup mail.dzinalanu.mw 8.8.8.8 muone nambala ya IP (adiresi ya seva) imene ituluke, muiyerekeze ndi imene kampani yatsopano inakupatsani. Anyamata ambiri amasintha IP ya webusaiti yokha, ya mail n'kuiiwala. Webusaiti imatseguka bwino, abwana n'kulipira, makalata akupita kwina.

Nthawi zina mumatuluka mizere iwiri ya makampani awiri osiyana. Apa mpamene nambala ya preference imagwira ntchito. Seva yotumiza imayamba ndi nambala yaing'ono, 10 isanafike pa 20, ndipo ikalephera kulumikizana ndi yoyambayo ndi pamene imapita ku inayo. Nambala zikafanana imasankha iliyonse, ndiye makalata amagawikana, ena kuno ena uko. Anthu ena amasiya dala MX yakale ati ikhale yodikirira pangozi. Ichotseni. Seva yodikirira imathandiza pokhapokha ngati inakonzedwa kuti izipititsa makalata ku seva yeniyeni, osati kuwasunga m'mabokosi amene palibe amawatsegula.

Pali tizolakwa tinanso timene mzere womwewu umaulula. Wina amalemba nambala ya IP pa MX pamene payenera kukhala dzina. Wina amaiwala kadontho kakumapeto, dzina n'kutuluka lobwereza, mail.dzinalanu.mw.dzinalanu.mw, lomwe kulibe. Ndipo MX ikasoweratu, seva yotumiza imayesa kutula kalata pa IP ya domain yeniyeniyo, kumene kuli webusaiti, komwe mwina kulibe cholandira makalata.

Mnyamatayo akakuuzani kuti MX anakonza kale, mwina sakunama, koma anakonza pamalo pamene palibe amawerenga. Lembani nslookup -type=ns dzinalanu.mw 8.8.8.8. Mayina amene atuluke, otchedwa ma nameserver, ndiwo eni ake a DNS yanu. Ngati ndi a kampani yakale, chilichonse chimene iye akusintha mu cPanel (tsamba loyendetsera hosting) yatsopano n'chosathandiza, dziko likufunsabe kwakale. Asinthe MX kwakaleko, kapena apite kumene munalembetsa domain akasinthe ma nameserver. Ndipo asakuuzeni zodikira maola 48. Mzere uliwonse wa DNS uli ndi TTL, nthawi imene ma seva ena amaloledwa kukumbukira yankho lakale, yowerengedwa m'masekondi: 3600 ndi ola limodzi, 14400 ndi maola 4, 86400 ndi tsiku. Kusintha ma nameserver ndiko kumatha kutenga tsiku kapena awiri. Mwezi wathunthu ayi.

Zoti mukatumizirana mu ofesi zimafika, zisakunamizeni. Seva yanu ikaona kuti wolandira ali pa domain yomweyo sifunsa DNS, imangoponya m'bokosi loyandikana nalo. Poyesa imelo, tumizani kuchokera pa Gmail ya pa foni. Mu cPanel mulinso malo olembedwa Email Routing. Ngati makalata akukhala pa seva yomweyo pakhale Local, ngati ali ku Google kapena Microsoft pakhale Remote.

Apempheni otithandiza anu akutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha uthenga wobwerera uja. Mu uthengawo muli nambala ya manambala atatu ndi dzina la seva imene yakana. Yoyamba ndi 5 ndiye kuti kalata yakanidwiratu: 550 5.1.1 bokosi kulibe, 5.2.2 bokosi ladzaza. Yoyamba ndi 4 ndiye kuti seva ikuyesabe, ndipo ambiri amayesa masiku 4 kapena 5 asanataye mtima. Makalata amene anabwerera kale sadzabweranso okha ngakhale MX ikonzedwe, muwapemphe atumizenso.

Chimene chimandikwiyitsa pa nkhani ngati yanuyi si mnyamatayo ayi, koma mabungwe. Domain imalembetsedwa m'dzina la mnyamata, ndi Gmail yake, pasiwedi ili m'mutu mwake, ndipo mu ofesi palibe amene akudziwa kuti domain analembetsa kuti, DNS ili kuti, makalata ali kuti. Malo atatu amenewa amatha kukhala makampani atatu osiyana, ndipo vuto likabwera aliyense amaloza mnzake. Mnyamatayo akadzapeza ntchito ku Lilongwe n'kusintha nambala, mudzayamba kuyendayenda ndi makalata a umboni kuti mubweze dzina lanu lomwe. Zilembeni zitatuzi papepala, zikhale m'faelo ya bungwe, ndipo domain ikhale m'dzina la bungwe.

Funso: Ndili ndi shopu yosindikiza ndi kugulitsa zolembera ku Chinamwali. Ndikatumiza quotation kwa makasitomala a Gmail, zina zimagwera mu spam, zina zimabwerera ndi nambala 550 5.7.26. Makalata obwera kwa ine akufika bwinobwino.

Yankho: Achimwene, nambala imeneyo ikutanthauza kuti Gmail yalephera kutsimikiza kuti kalatayo yachokeradi kwa inu. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo: aliyense wotumiza ku Gmail akhale ndi SPF kapena DKIM, njira zotsimikizira kumene kalata yachokera, ndipo otumiza makalata okwana 5,000 patsiku akhale ndi zonse ziwiri kuphatikizapo DMARC, mzere wouza wolandira chochita ndi kalata yosatsimikizika. Inu simufika pa 5,000, koma ikani SPF ndi DKIM zonse.

SPF ndi mzere umodzi mu DNS wotchula ma seva ololedwa kutumiza m'dzina la domain yanu. Lembani nslookup -type=txt dzinalanu.mw 8.8.8.8 mufufuze mzere woyamba ndi v=spf1. Uyenera kukhala umodzi. Ukakhala kulibe ndi vuto, ikakhala iwiri ndi vutonso, chifukwa wolandira saivomereza yonse. Izi zimachitika munthu akasintha kampani, n'kuwonjezera mzere watsopano wakale osauchotsa. Aphatikizeni akhale umodzi, ndipo ma include (mawu otchula ma seva a makampani ena) asachuluke chifukwa malire ake ndi mafunso 10 a DNS. Wina akakulemberani +all kumapeto, ameneyo waloleza dziko lonse kutumiza m'dzina lanu, muchotseni pa ntchitoyo. DKIM, siginecha imene seva imaika pa kalata iliyonse, mumayatsa pa seva ya makalata, imakupatsani mzere wautali woti muike mu DNS. Mukatha, dzitumizireni kalata ku Gmail, tsegulani Show original, muone ngati palembedwa PASS.

Zonse zikakhala PASS koma makalata akugwerabe mu spam, ndiye hosting yanuyo. Makampani otchipitsitsa amaunjika makasitomala ambirimbiri pa IP imodzi. Mmodzi akabedwa pasiwedi n'kuyamba kutumiza zachinyengo, IP yonse imalowa pa mndandanda wa oletsedwa monga wa Spamhaus, inu osalakwa n'kuvutikira limodzi. Tengani IP ya seva yanu mukaifufuze pa webusaiti ya Spamhaus. Ikapezeka pamenepo, woyenera kupempha kuti ichotsedwe ndi mwini seva, osati inu. Akakhala kuti sakuyankha, samukani. Munthu amene amadya kudzera mu quotation sayenera kusungira makalata ake pa hosting imene anaisankha chifukwa chotchipa chokha. Posamukapo mukumbukire MX, muione ndi maso anu mukamaliza.

Funso: Pa sukulu yathu ku Domasi tili ndi kompyuta yakale imene ikungokhala. Kodi tingaisandutse seva ya imelo kuti tisamalipire pamwezi?

Yankho: Aphunzitsi, kuphunzitsira ana zingatheke, koma makalata enieni a sukulu ayi. Kuthima kwa magetsi si ndiko kukundiopsa kwambiri, chifukwa otumiza amayesanso kwa masiku angapo. Chovuta ndi kutumiza. Intaneti ya pa SIM kapena rauta ya mu ofesi imakupatsani IP yosinthasintha, nthawi zambiri yogawana ndi anthu ena, ndiye MX ilibe poloza pokhazikika. Ma seva amalankhulana pa port (khomo) 25, imene makampani ambiri a intaneti amatsekera makasitomala wamba. Ngakhale itseguke, Gmail imafuna kuti IP yanu ikhale ndi PTR, dzina lobwerera lofanana ndi la seva, ndipo woika PTR ndi mwini IP, kampani yokupatsani intaneti. Pamwamba pa izo lamulo la SMTP, njira imene ma seva amatumizirana imelo, limati domain iliyonse yolandira makalata ikhale ndi adiresi ya postmaster@, kumene oyang'anira ma seva ena amalembera pakakhala vuto, ndipo pafunika munthu woiwerenga ngakhale pa holide. Diski yakaleyo ikafa, makalata onse a sukulu apita nayo.

Lembetsani domain m'dzina la sukulu, makalata muwasungitse kwa kampani imene ntchito yake ndi imeneyo, MX iloze kumeneko. Google ndi Microsoft onse ali ndi dongosolo la masukulu, funsani ngati yanu ingavomerezedwe. Kompyutayo muikemo Linux, ana aphunzirepo nslookup ndi kuwerenga mizere ya Received ya m'mutu mwa kalata. Mizereyo imawerengedwa kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo mzere uliwonse umatchula seva imene kalatayo inadutsamo ndi nthawi yake.