Kodi mapu a boma a pa intaneti angakuuzeni zomwe mungamange pa puloti?

Wowerenga wina watumiza imelo iyi: "Ndikufuna kugula puloti kuti ndimangepo nyumba ziwiri za lendi ndi kashopu kutsogolo. Wogulitsa akuti palibe vuto. Ndingatsimikize bwanji pa intaneti ndisanalipire?"

Mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Mizinda yambiri ili ndi mapu a pa intaneti osonyeza zoni ya malo alionse, ndiye kuti ntchito imene malowo anapatulidwira, kaya nyumba zogona, malonda, mafakitale kapena ulimi. Ku New York mapuwa amatchedwa ZoLa, pomwe ku Victoria m'dziko la Australia ndi VicPlan. Tsegulani webusaiti ya khonsolo kapena ya nthambi ya boma yoona za mapulani, osati ya ogulitsa malo.

Posaka, lembani nambala ya puloti monga ilili pa chikalata cha umwini. Adiresi imasocheretsa, chifukwa kachizindikiro kamatha kugwera kwa aneba kapena pakati pa msewu. Puloti ikaoneka, yerekezani maonekedwe ndi kukula kwake ndi zomwe zili pa chikalata. Onaninso ngati yonse ili m'zoni imodzi, poti mzere wa zoni umatha kudula puloti pakati.

Mukadina pa pulotiyo, muona zilembo zoimira zoni yake, monga R2 kapena C1. Anthu ambiri amalekera pomwepa, ndipo m'pamene amapwetekera. R2 wa mzinda uno si R2 wa mzinda wina. Tsegulani malamulo enieni a zoniyo n'kuwerenga ndime yake yonse. Kawirikawiri ntchito zimagawidwa patatu: zololedwa, zofuna chilolezo chapadera, ndi zoletsedwa. Kashopu kanuko kafufuzeni bwino kuti kali m'gulu liti. Musadalire zoti aneba ali ndi shopu. Mwina inamangidwa lamulo lisanasinthe, mwinanso ilibe chilolezo n'komwe.

Kenako tengani pepala muwerengetsere. Tiyerekeze kuti puloti ndi ya masikweya mita 600 ndipo lamulo likulola kumanga pa 40 peresenti. Nyumba ziwiri zija ndi shopu, zonse pamodzi, zisapose masikweya mita 240 a nthaka. Ngati puloti ndi ya mamita 20 m'lifupi, ndipo muyenera kusiya mamita 3 mbali iliyonse, mwatsala ndi mamita 14 okha. Onjezerani mtunda wosiya kutsogolo ndi kumbuyo, msinkhu wa nyumba wololedwa, malo oimikapo galimoto, ndi chiwerengero cha nyumba pa puloti imodzi. Lamulo lomalizali ndi limene lingaphe pulani yanu ngakhale malo atakwanira.

Chimene ndimachiona chofunika koposa ndi zigawo zina za mapu, zomwe zimalembedwa kuti layers kapena overlays. Zambiri zimakhala zozimitsa mpaka mutaziyatsa nokha. M'menemo ndi mobisala madera osefukira madzi, njira za mapaipi ndi mawaya a magetsi, malo osungira mbiri yakale, komanso msewu umene akufuna kudzaukuza. Zoni ikhoza kukulolani kumanga, koma chigawo cha madzi osefukira n'kukukanizani.

Mapu ali ndi polekezera pake. Mizere yake si malire enieni. Malire amatsimikiza ndi woyeza malo wovomerezeka, poona mabikoni. Ziletso zolembedwa m'chikalata cha umwini kapena mu lizi nthawi zambiri sizioneka pa mapu a zoni, choncho werengani chikalatacho pachokha. Yang'ananinso tsiku limene mapuwo anakonzedwa komaliza, ndi ngati pali kusintha kwa zoni kumene kukukambidwa.

Mukatha zonsezi, sungani lipoti la pulotiyo ngati PDF, tsiku likuoneka. Lemberani ofesi ya mapulani, mutchule nambala ya puloti ndi zomwe mukufuna kumanga, kuti akuyankheni molemba. M'madera ena muli satifiketi yake, monga ya Section 10.7 ku New South Wales, ku Australia. Pa mgwirizano wogulira malo, pemphani loya aike mfundo yoti ndalama zanu zidzabwezedwa ngati yankho la ofesi litakana nyumba ziwirizo kapena shopuyo.