Kadzidzi wa pa Facebook ndi kadzidzi wa pa denga

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Namwera. Akuti anabadwa mu Disembala, ndipo pa Facebook aona chithunzi chonena kuti obadwa mwezi umenewu nyenyezi yawo ndi kadzidzi. Sabata yomweyo kadzidzi wayamba kulira pa denga pawo, mpaka agogo kumuponyera chikuni chamoto. Ndiye akufunsa: kodi kukubwera maliro?

Achemwali, mtima m'malo. Tiyambe ndi za nyenyezizo. Azungu ali ndi zizindikiro 12 zochokera kwa Ababulo kudzera mwa Agiriki: nkhosa, ng'ombe, nkhanu, mkango, chinkhanira, nsomba ndi zina. Kadzidzi mulibemo. Matchaina ali ndi nyama 12, kuyambira khoswe kukathera nkhumba, ndipo namonso mulibe. Kumwambako anangodutsako: mu 1822 Alexander Jamieson anajambula gulu la nyenyezi n'kulitcha Noctua, kutanthauza kadzidzi, koma pa magulu 88 ovomerezeka lero, limeneli palibe.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti mbalame yomwe ife timaithira mchere pamoto, anzathu ena anaiika pa ndalama. Ku Athens kadzidzi anali mbalame ya Athena, mulungu wawo wamkazi wa nzeru, ndipo ankamudinda pa ndalama zasiliva zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. Mpaka pano ndalama ya 1 euro ya ku Greece ili ndi kadzidzi wamaso akuluakulu uja. Ku Japan amamutcha fukurou, dzina lomveka ngati mawu akuti "kopanda mavuto", choncho tizidole take amapatsana ngati mphatso yamwayi. Ku India zinthu n'zosokonekera: kadzidzi ndi amene amanyamula Lakshmi, mulungu wa chuma, koma kumutchula munthu kuti ullu, kadzidzi m'Chihindi, ndiye kuti wamunena chitsiru. Aroma ndi amene akanagwirizana ndi agogo anu, iwonso akamva kulira kwake ankati kugwa tsoka.

Mantha athuwa ndimawamvetsa. Chinthu chouluka usiku mapiko osamveka, chotembenuza mutu mpaka madigiri 270 chifukwa m'khosi mwake muli mafupa 14 pomwe ife tili ndi 7, ndani angalephere kuchiganizira za ufiti?

Kwathu kwa Mpondasi zinatichitikira chaka china titangokolola. Kadzidzi analira masiku angapo, amayi tulo osaona. M'mawa wina ndikusesa pansi pa mango ndinapeza timibulu totuwa, kukula ngati chala chachikulu. Nditaswa kamodzi ndi kamtengo, munali ubweya, timafupa ndi kachigaza ka khoswe, mano ake achikasu akuonekera. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, zosagayika n'kuzilavula choncho. Ankatsata makoswe amene anali ataboola kale matumba athu a chimanga.

Pajatu pafupi pompano, ku Liwonde National Park, alendo amalipira ndalama kuti akaone kadzidzi wodya nsomba amene amakhala m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa Shire.

Ndiye achemwali, mawa kukacha mukasuzumire kumene mwasunga chimanga, muyang'anenso pansi pa mtengo umene amaterapo. Mukapeza makoswe, tcherani misampha. Mankhwala ayi, chifukwa kadzidzi akadya khoswe wapoizoni nayenso amafa. Agogo muwapatse moni, muwauzenso kuti chikuni chija chisadzagwere pa denga laudzu.