A Zaumoyo a Khonsolo Akatseka Lesitilanti Yanu: Zimene Malamulo Akunena

Mayi, mwafotokoza kuti muli ndi lesitilanti yaing'ono pafupi ndi depoti ya mabasi, momwe mumagulitsa nsima, mpunga ndi tchipisi, ndipo kunabwera anthu amene anati ndi a zaumoyo ochokera kukhonsolo. Iwo anayendera kukhichini, natenga miphika iwiri pamodzi ndi nyama imene inali mufiriji, kenaka anakhoma loko pachitseko osakusiyirani kalata iliyonse. Mwanenanso kuti mmodzi wa iwo anakunong'onezani kuti mukampatsa kangachepe adzatsegula tsiku lomwelo, pomwe inu mumadula chiphaso cha khonsolo tsiku ndi tsiku. Funso lanu ndi lakuti kodi anali ndi mphamvu yochita zimenezi, nanga mungaphikire pachiwaya m'mbali mwa msewu podikira kuti nkhaniyi ithe?

Mphamvu yoyendera malo ogulitsira chakudya, yolanda chakudya choopsa ndi yoletsa malonda pamalo auve khonsolo ili nayo, ndipo sindikufuna kuti mupite kumaofesi awo muli ndi maganizo akuti analibe ufulu wolowa m'khichini mwanu. Pamene pali vuto, malinga ndi mmene mwafotokozera, ndi panjira imene anatsata.

Mphamvuyi imachokera makamaka m'malamulo atatu. Lamulo la Public Health Act, limene linakhazikitsidwa mu 1948, limapatsa makhonsolo udindo woteteza umoyo wa anthu m'madera awo, ndipo limalola akuluakulu a zaumoyo kulowa pamalo pamene pakuphikidwa kapena kugulitsidwa chakudya kuti aone ngati ndi choyenera kudyedwa. Lamulo la Local Government Act la 1998 limalola khonsolo iliyonse kupanga malamulo akeake aang'onoang'ono, ndipo m'menemo ndi mmene mumapezeka zofunika pa malo odyera, mitengo ya malaisensi ndi zilango, kotero kuti zimene khonsolo ya Mzuzu imafuna zikhoza kusiyana pang'ono ndi za ku Zomba kapena ku Lilongwe. Palinso lamulo la Business Licensing Act la 2012, limene limafuna kuti wochita malonda akhale ndi laisensi ya bizinesi. Ndi zoona kuti gawo 29 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda ndi kupeza zofunika pa moyo wake paliponse m'Malawi, koma gawo 44 limalola kuti ufulu wotere uchepetsedwe ndi lamulo pa zifukwa zomveka, ndipo palibe khothi limene lingakane kuti kuteteza anthu ku matenda ndi chifukwa chomveka.

Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Chiphaso chimene mumadula tsiku ndi tsiku ndi msonkho wa malo amene mukugulitsirapo basi, sichitsimikizira kuti khichini yanu inayenderedwa ndi kuvomerezedwa. Lesitilanti imafunika laisensi ya malo ogulitsira chakudya, imene khonsolo imapereka a zaumoyo akayendera malowo, ndipo imakonzedwanso chaka chilichonse. Kuwonjezera apo, aliyense wogwira chakudya, kuyambira inuyo mpaka mtsikana wotsuka mbale, amayenera kukhala ndi chikalata cha kuchipatala chosonyeza kuti anapimidwa ndipo alibe matenda opatsirana kudzera m'chakudya, monga taifodi. Makhonsolo kawirikawiri amafuna kuti kupimidwaku kuzichitika miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Poyendera, a zaumoyo amayang'ana ngati pali madzi aukhondo okwanira, chimbudzi ndi posambira m'manja pokhala ndi sopo, motayira zinyalala motsekeka, ngati nyama yaiwisi ikusungidwa padera ndi chakudya chakupsa, ndiponso ngati pali zizindikiro za makoswe kapena mphemvu. Zambiri mwa izi zimagwirizana ndi muyezo wa ukhondo wa malo okonzera chakudya wotchedwa MS 21, wa bungwe la Malawi Bureau of Standards. Musanachite china chilichonse, dzifunseni moona mtima kuti pa mapepala ndi zofunika zimenezi muli ndi ziti, chifukwa mphamvu ya dandaulo lanu idalira yankho limenelo.

Ndiyenera kunenanso kuti kuyendera kotereku sikuchitika pofuna kuzunza amalonda, ngakhale ena ogwira ntchitoyi amaiipitsa mbiri. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka boma linalengeza mu Disembala chaka chomwecho kuti ndi ngozi yaikulu pa umoyo wa anthu, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'madepoti kunaletsedwa. Mbale imodzi yotsukidwa m'madzi oipa pamalo odutsa anthu ambiri ngati padepoti ikhoza kufikitsa matenda m'maboma angapo tsiku limodzi. Woweruza aliyense amene angamve nkhani yanu adzakhala akukumbukira zimenezi.

Ngakhale zili choncho, khonsolo ndi bungwe la boma, ndipo limamangidwa ndi gawo 43 la Malamulo Aakulu. Gawoli limati munthu aliyense ali ndi ufulu woti ganizo la boma lomukhudza likhale lotsata lamulo, lopangidwa mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake molemba. Njira yozolowereka pansi pa lamulo la zaumoyo ndi yakuti woyendera akapeza zolakwika amapereka kalata ya chenjezo, yotchula zolakwikazo ndi nthawi yoti zikonzedwe, ndipo mwini malo akanyozera nkhani imapita kukhothi la majisitileti, limene lingalamule kuti malowo atsekedwe. Pakakhala ngozi yoonekeratu, mwachitsanzo zonyansa za m'chimbudzi zikuyenderera kulowa m'khichini, khonsolo ikhoza kuchitapo kanthu nthawi yomweyo osadikira, koma changu chimenecho sichichotsa udindo wokupatsani zifukwa molemba ndi mwayi woti mumvedwe pambuyo pake. Kukhoma loko ndi kuchoka popanda kalata, popanda kutchula lamulo limene mwaphwanya, popandanso kukuuzani zoti mukonze, ndi kumene ndikuona kuti kungatsutsidwe.

Pa katundu amene anatengedwa tisiyanitse zinthu ziwiri. Nyama, ngati woyendera anaona kuti yaonongeka kapena kuti sinapimidwe pophedwa, lamulo limalola kuilanda kuti iwonongedwe, ngakhale kuti payenera kukhala cholembedwa chosonyeza kuchuluka kwake ndi kumene yapita. Miphika ndi nkhani ina. Mphika si chakudya choopsa, ndipo gawo 28 la Malamulo Aakulu limaletsa kulanda katundu wa munthu mwachisawawa. Ngati malamulo a khonsolo yanu amalola kusunga ziwiya ngati umboni wa mlandu, khonsolo iyenera kutchula lamulolo, kulemba katunduyo m'kaundula ndi kukubwezerani nkhani ikatha.

Za kangachepe zija, musapereke. Lamulo la Corrupt Practices Act limalanga wopereka chiphuphu chimodzimodzi ndi wolandira, ndipo chilango chake chikhoza kukhala kundende. Kupatula apo, ndalama yoperekedwa kuseri siikupatsani laisensi, ndiye kuti mwezi wamawa munthu yemweyo kapena mnzake adzabweranso. Ndalama iliyonse ya khonsolo, kaya ndi ya laisensi kaya ndi chindapusa, iperekedwe kuofesi yolandirira ndalama kapena kuakaunti ya khonsolo kubanki, ndipo mulandire risiti. Mukauzidwa kuti mulipire chindapusa, funsani mwaulemu kuti chikuchokera m'gawo liti la malamulo a khonsolo. Amene anakupemphani ndalamayo mungathe kukamneneza kubungwe lolimbana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau, ndipo ndi bwino kulemba tsopano tsiku, nthawi, mawu amene ananena ndi anthu amene analipo zinthu zisanayambe kuiwalika.

Chofunika kuchita mwamsanga ndi kulembera kalata mkulu wa khonsolo, ina yofanana nayo ipite kwa mkulu wa nthambi ya zaumoyo. M'kalatamo mufotokoze tsiku limene malo anatsekedwa, katundu amene anatengedwa, ndi kuti simunapatsidwe kalata. Mupemphe zifukwa molemba potchula gawo 43, mupemphe lipoti la oyenderawo, kubwezeredwa miphika, ndi tsiku loti adzayenderenso. Muikemo nthawi yoti akuyankheni, monga masiku asanu ndi awiri. Mupite ndi makalata awiri kuti imodzi akudindireni chidindo chosonyeza tsiku limene ailandira, chifukwa chidindo chimenecho ndicho chidzakulankhulireni mtsogolo wina akadzati kalata sanaione. Ulendo womwewo udzakuthandizani kutsimikiza ngati anthu aja analidi otumidwa ndi khonsolo, popeza pali ena amene amayenda m'malo a malonda monamizira. Woyendera weniweni amayenera kuonetsa chitupa chake cha ntchito akafunsidwa.

Podikira yankho, konzani zimene mukudziwa kuti zikuperewera. Pitani ndi antchito anu kukapimitsa, lipirani laisensi ngati inatha, ndipo jambulani zithunzi za zimene mwakonza. Loko wa khonsolo musathyole ngakhale mukuona kuti anakhomedwa molakwika, chifukwa kutero, kapena kutsekereza woyendera pa ntchito yake, kungakubweretsereni mlandu wina umene ungaphimbe dandaulo lanu labwinolo. Ngati mkatimo mwatsala zinthu zoti zingaonongeke, pemphani m'kalata yomweyo kuti akutsegulireni muzitenge iwo ali pomwepo.

Khonsolo ikapanda kuyankha kapena ikayankha zosamveka, mungakadandaule kuofesi ya Ombudsman, imene imafufuza kupanda chilungamo m'maofesi a boma popanda malipiro. Njira ina ndi kupempha Khothi Lalikulu kuti liunikenso ganizo la khonsolo. Pamenepa khothi silifufuza ngati khichini yanu inali yaukhondo kapena ayi, koma ngati khonsolo inali ndi mphamvu, inatsata njira yoyenera ndiponso inachita zomveka, ndipo likapeza kuti ayi likhoza kufafaniza ganizolo. Chenjerani ndi nthawi: malamulo a kayendetsedwe ka milandu mu Khothi Lalikulu a 2017 amafuna kuti pempho lotere liperekedwe mwachangu, pasanathe miyezi itatu chichitikireni ganizolo, ndipo musaganize kuti kulemberana makalata ndi khonsolo kapena kudandaula kwa Ombudsman kumaimitsa kuwerenga kwa miyeziyo. Njirayi imafuna loya, ndipo ngati simungakwanitse kulipira, bungwe la Legal Aid Bureau limathandiza anthu ochepekedwa. Kunena zoona, kwa lesitilanti yaing'ono khothi ndi njira yodula ndi yochedwa, ndipo nkhani zambiri zotere zimatha ndi kalata yolembedwa bwino pamodzi ndi kuyenderanso. Ngati mudzafune chipukuta misozi pa malonda amene mwataya, mudzafunika umboni wa ndalama zimene munkapeza patsiku, choncho sungani buku lanu la malonda ndi marisiti ogulira katundu.

Zikachitika kuti khonsolo yakutengerani kukhothi, musalephere kupita pa tsiku lolembedwa pa samani, ndipo musavomere mlandu musanaumvetse. Muli ndi ufulu woti mlanduwo ufotokozedwe m'chilankhulo chimene mukumva, wofunsa mafunso woyenderayo ndi wobweretsa mboni zanu. Munthu akamangidwa, gawo 42 la Malamulo Aakulu limafuna kuti aonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi siilipiridwa.

Pa funso loti muyambe mwaphikira pachiwaya m'mbali mwa msewu, ndikukulangizani kuti musatero. Malamulo a makhonsolo amalola malonda m'malo okhawo amene khonsolo inapatula, ndipo wokazinga tchipisi kapena kanyenya, ngakhale wogulitsa chakudya m'galimoto, amafunikanso chilolezo ndi chikalata cha kuchipatala monga mwini lesitilanti. Mukagwidwa kumeneko mudzataya ziwiya zina, komanso mudzapatsa khonsolo chifukwa chonenera kuti ndinu munthu wosalabadira malamulo pa nthawi yomwe mukupempha kuti akutsegulireni. Ngati simungathe kukhala osagulitsa, pitani kwa mkulu wa msika mukapemphe malo ovomerezeka ophikirapo kwa kanthawi, ndipo chilolezo chimene angakupatseni chikhale cholembedwa.