Mbaula ya Chitetezo yang'aluka ndipo ikufuka utsi: vuto lili pati?

Mayi, mwafunsa kuti mbaula yanu ya Chitetezo yachita mng'alu isanathe ndi mwezi womwe, komanso ikufuka utsi kuposa mafuwa. Musaitaye msanga. Nthawi zambiri mavuto awiriwa amachokera pa nkhuni ndi kasonkhedwe ka moto.

Tiyambe ndi utsi. Nkhuni yaiwisi, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndiye moto umayamba watha mphamvu kuumitsa madziwo usanatenthe mphika. Mukaona thovu likutuluka kumapeto kwa chikuni uku chikulira kuti tsiii, dziwani kuti sichinaume. Wazani nkhuni zikhale zonenepa ngati zala ziwiri kapena zitatu, muziunjike pansi pa denga, zisagunde dothi. Ziwiri zouma bwino mukazimenyanitsa zimalira kuti ngwee, zonyowa zimangoti phu. Mapesi a nandolo ndi zitsononkho zouma zimayakanso bwino m'mbaula imeneyi.

Pakhomo pa mbaula lowetsani nkhuni ziwiri kapena zitatu basi, nsonga zokha ndi zimene ziziyaka, muzizikankhira pang'onopang'ono. Khomo lomwelo ndi lolowera mpweya, choncho mukalidzaza moto umabanika n'kusanduka utsi. Phulusa ladzulo lichotseni m'mawa uliwonse musanakoleze, chifukwa nalonso limatseka mpweya. Onaninso pamwamba: timiyendo tokhazikapo mphika timasiya mpata woti utsi ndi lawi zidutse. Tikaperepeseka, mphika umakhala ngati chivundikiro ndipo utsi umabwerera kukhomo.

Za mng'alu. Dongo lowotcha limafutukuka likatentha, n'kubwerera likazizira, ndiye kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, makamaka pamwamba pa khomo, sikodetsa nkhawa. Chimene chimaswa mbaula ndi kuthira madzi ikali yamoto pozimitsa, kuisiya pamvula kenako n'kusonkhapo moto waukulu, kapena kukakamiza chikuni chachikulu pakhomo. Mukatha kuphika, sololani zikuni muzizimitsire mumchenga panja, mbaula izizire yokha. Ngati mng'alu ukukula, zungulizani waya kawiri, wina mmwamba wina mmunsi mwa khomo, mumange ndi pulayazi. Kenako matani ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga wosefa ndi phulusa pang'ono, muisiye pamthunzi masiku awiri, moto woyamba ukhale waung'ono. Koma ngati ikugwedera mukatereka mphika, kapena kamwendo kathyoka, gulani ina. Mphika wa phala lowira kugubudukira mwana si nkhani yoyerekeza.

Pogula, igogodeni ndi chala. Yopsa bwino mu uvuni imalira ngati mbiya yabwino, yosapsa imalira mogonthera ndipo sichedwa kufumbutuka.

Ikhazikeni pamalo osalala, kutali ndi mpanda waudzu, mkeka ndi nsalu zoyanika. Povundula nsima gwirani mphika ndi kansalu, musadalire kulemera kwa mbaula. Dongo limasunga kutentha nthawi yaitali moto utazima kale, ndipo mwana wokwawa saona kusiyana kwake. Musainyamule ili ndi makala.

Apa ndiye mumvetsetse ndithu, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July. Musalowetse mbaula kuchipinda chogona kuti muothe, ngakhale utsi utatha n'kutsala makala okhaokha. Makala amenewo amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Wina akamva choncho, tsegulani zitseko ndi mawindo, mutulutseni panja, muthamangire naye kuchipatala. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yokhala ndi zenera komanso mpata pakati pa khoma ndi denga.

Pokoleza gwiritsani ntchito tiziduswa ta nkhuni ndi udzu wouma. Majumbo, mabotolo apulasitiki, matabwa opaka penti ndi mapolo onyikidwa m'mankhwala a chiswe amatulutsa utsi woononga mapapo, ndipo petulo amalilima mpaka kumaso.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, osati mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira. Matuza musawaboole. Ngati wapsayo ndi mwana, kapena bala lili kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena ndi lalikulu kuposa chikhato chake, phimbani ndi nsalu yoyera mupite kuchipatala tsiku lomwelo.