Wasakaniza Viet Cong ndi Viet Minh? History usaithawe

Mnyamata wina wa chaka choyamba ku yunivesite wandilembera kuti walephera ntchito yolemba ya nkhondo ya ku Vietnam chifukwa anasakaniza Viet Cong ndi Viet Minh. Bambo ake akuti asiye History akayese zamalamulo. Makalata otere sasowa zotsatira zikangotuluka.

Mwanawe, unaloweza mayina osafunsa kuti anawatcha ndani. Viet Minh ndi gulu limene Ho Chi Minh, mtsogoleri wachikomyunizimu wa ku Vietnam, anayambitsa mu 1941, lomwe linagonjetsa atsamunda Afalansa ku Dien Bien Phu mu 1954. Chaka chomwecho mgwirizano wa ku Geneva unagawa dzikolo pawiri, kumpoto ndi kumwera. Viet Cong ndi omenya nkhondo yobisalira amene anadzalimbana ndi boma la kumwera pamodzi ndi Amereka. Chokusokoneza n'chakuti ambiri mwa oyambirirawo anali a Viet Minh otsalira kumwera.

Dzina loti Viet Cong ndi chidule cha mawu akuti Việt Nam Cộng sản, kutanthauza Mviyetinamu wachikomyunizimu, ndipo sanadzitche okha. Linayamba kuoneka m'nyuzipepala za ku Saigon, likulu la kumwera, cha mu 1956. Boma la kumwera, la Ngo Dinh Diem, linalikonda chifukwa dzina loti Viet Minh linali ndi ulemu wa anthu amene anapirikitsa atsamunda, pamene latsopanoli linkawaonetsa ngati achikomyunizimu basi. Eni akewo, kuyambira pa 20 December 1960, ankadzitcha National Liberation Front. Asilikali a ku America anangoti VC, pa wailesi Victor Charlie, mapeto ake Charlie.

Ukamalembanso, dzina lililonse lizibwera ndi chaka chake, amene analipereka ndi cholinga chawo. Ukamanena za nkhondo ya Afalansa, lemba Viet Minh. Asilikali a boma la kumpoto usawaphatikize ndi Viet Cong, anali gulu lina. Ndipo ukangowatcha zigawenga osafotokoza, watenga mbali usakudziwa.

Inu bambo, mwana akalephera pepala limodzi mukufuna kumusamutsa? Kuzamalamulo malo ndi ochepa, komanso kusakaniza mayina kumeneko sakhululuka ngakhale pang'ono. Mulekeni akonze pamene walakwa.

Iwenso usadzinamize kuti digiri ya History imadza ndi ntchito m'manja. Ambiri amakaphunzitsa kusekondale, ena utolankhani, ochepa kwambiri ku National Archives ku Zomba. Ngati kufukula kotereku kwakukoma, pita kwa mphunzitsi wako sabata ino ndi pepala lija, akakuonetse pamene malikisi anathawira.