Yankho kwa mphunzitsi wofuna PhD ya theoretical condensed matter physics

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mphunzitsi wa fizikisi pa sukulu ina ya sekondale, yemwe ali ndi digiri yoyamba ndipo akufuna kupitiriza maphunziro mpaka PhD. Akuti asankha theoretical condensed matter physics chifukwa anamva kuti nthambi imeneyi imangofuna cholembera ndi pepala, osati labotale, ndipo akufunsa ngati zimenezi n'zoona komanso kuti ayambire pati.

Aphunzitsi, n'zoona kuti simudzagwira makina oyezera zinthu, koma musasankhe nthambiyi poganiza kuti ndi yopepuka. Ntchito yake ndi kugwiritsa ntchito masamu pofotokoza khalidwe la zinthu zolimba ndi zamadzimadzi, monga chifukwa chomwe kopa amadutsitsa magetsi pomwe galasi limakana, kapena chifukwa chomwe chitsulo chimasanduka maginito. Malamulo olamulira elekitironi imodzi akhala akudziwika kuyambira 1926, pomwe Erwin Schrödinger analemba masamu ake, koma kudziwa chiswe chimodzi sikudziwa mmene chulu chimamangidwira. Tinthu 300 tokha, tomwe kalikonse kakhoza kuloza m'mwamba kapena pansi, tingasanjike m'njira zochuluka kotero kuti chiwerengero chake chili ndi manambala 91, kuposa maatomu onse a m'chilengedwe chomwe timatha kuona. Palibe kompyuta yomwe ingasunge zimenezo, ndiye luso lenileni la katswiri wa nthambiyi ndi kudziwa zoyenera kutaya ndi zoyenera kusunga.

Taonani nkhani ya superconductivity, pomwe magetsi amadutsa m'chinthu popanda chowatsekereza chilichonse. Heike Kamerlingh Onnes anaziona koyamba ku Leiden mu 1911 atazizilitsa mekyule kufika pa madigiri pafupifupi 4.2 a Kelvin (pafupifupi -269°C), koma panapita zaka 46 kuti John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer afotokoze chifukwa chake mu 1957. Iwo anaonetsa kuti kunjenjemera kwa maatomu kumachititsa maelekitironi, omwe mwachibadwa amakankhana, kuyenda awiriawiri. Mu 1986 Georg Bednorz ndi Alex Müller ku Zürich anapeza gulu lina la zinthu zokhala ndi kopa ndi okosijeni zomwe zimachita zomwezo ngakhale zisanazizire kwambiri chotero, ndipo mpaka lero akatswiri sanamvane chimodzi pa chomwe chimachititsa. Ambiri amafufuza yankho mu Hubbard model ya mu 1963, yomwe ili ndi mfundo ziwiri zokha: elekitironi imatha kudumphira pa atomu yoyandikana nayo, ndipo maelekitironi awiri akakumana pa atomu imodzi pamafunika mphamvu yowonjezera. Imalembeka pa mzere umodzi wa pepala, koma maatomu akayalidwa m'litali ndi m'lifupi palibe amene wapeza yankho lake lathunthu.

Poyambira ndi pa quantum mechanics ndi statistical mechanics, ndipo muzidziwe mpaka muzitha kuwerengetsera nokha buku lili chotseka. Ophunzira ambiri amathamangira quantum field theory chifukwa dzina lake limamveka lapamwamba, koma kuthamanga sikufika, ndipo munthu amene linear algebra ikumuvutabe sangapindule kanthu ndi ma Green's function.

Dziyeseni motere. Tengani Hubbard model ya maatomu awiri ndi maelekitironi awiri, lembani njira 6 zomwe maelekitironiwo angakhalire (aliyense akhoza kuloza m'mwamba kapena pansi), pangani matrix yake ndi kuithetsa pamanja. Mudzaona kuti kukankhana kukakula, maelekitironi amakhala aliyense pa atomu yake ndipo amasankha kuloza mosiyana, ndipo kusiyana kwa mphamvu pakati pa kuloza mofanana ndi kuloza mosiyana kumatuluka 4t²/U, pomwe t akuimira kudumpha kuja ndipo U ndi mphamvu yowonjezera ija. Pa tsamba limodzi lokha mwaona kumene mtundu wina wa umaginito umachokera. Kenako lembani zomwezo mu Python, muziwonjezera atomu imodzi imodzi mpaka laputopu yanu iyambe kutentha n'kuima, pakuti atomu iliyonse imachulukitsa ntchito kanayi. Apa m'pamene mudzamvetse chifukwa chomwe Walter Kohn ndi anzake anayambitsira density functional theory mu 1964 ndi 1965, komanso chomwe Steven White anapangira njira ya DMRG (density matrix renormalization group) mu 1992: zonsezi ndi njira zochepetsera masamu a maelekitironi ambiri kuti kompyuta iwakwanitse. Choncho cholembera ndi pepala zokha sizikwanira. Kulemba mapulogalamu ndi gawo la ntchitoyi, ndipo Quantum ESPRESSO, pulogalamu ya density functional theory yomwe ambiri amagwiritsa ntchito, imapezeka mwaulere.

Za sukulu, ine sindingakulangizeni kulumphira PhD kuchokera pa digiri yoyamba. ICTP (International Centre for Theoretical Physics) ya ku Trieste ku Italy, yomwe Abdus Salam anakhazikitsa mu 1964, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi ya condensed matter physics yothandiza ophunzira a m'mayiko osauka kukonzekera PhD. Ku Kigali ku Rwanda kuli EAIFR (East African Institute for Fundamental Research), yomwe imagwira ntchito ndi ICTP ndipo imaphunzitsa digiri yachiwiri m'nthambi yomweyi, pomwe AIMS (African Institute for Mathematical Sciences), yomwe inayamba mu 2003 ku Muizenberg ku South Africa, imalimbitsa masamu ndi luso la kompyuta.

Labotale nayo musaiiwale, ngakhale simudzalowamo. Mu 2011 Rafi Bistritzer ndi Allan MacDonald anawerengetsera kuti mapepala awiri a graphene (kaboni wopyapyala ngati atomu imodzi) akasanjikizidwa mopotoza pang'ono, maelekitironi ake amayenda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo mu 2018 gulu la Pablo Jarillo-Herrero ku MIT linapeza superconductivity pa ngodya ya madigiri pafupifupi 1.1. Muzizolowera kuwerenga zomwe oyeza apeza pa gawo la cond-mat la arXiv, tsamba la pa intaneti pomwe akatswiri amaika nkhani za kafukufuku wawo, ndipo posankha kokaphunzira muyang'ane kwambiri munthu wodzakuyang'anirani ndi funso lomwe akufufuza kuposa kutchuka kwa yunivesite. Pomulembera kalata, mutchule nkhani yake imodzi yomwe mwawerenga, ndipo mumutumizirenso pulogalamu yanu ya Hubbard model pamodzi ndi zomwe inatulutsa.